Boneti inali yofunda, koma ndinalipirabe

Ndalama yogulira galimoto yanga yoyamba ndinaisonkhanitsa miyezi 26. Ndinali ndi kabuku kolembamo zomwe ndasunga mwezi uliwonse, ndipo mkazi wanga ankandiseka kuti kabukuko ndimakatsegula kawirikawiri kuposa mmene ndimamuyang'anira iyeyo kumaso. Chomwe chinayambitsa zonsezi ndi usiku wina mwana wathu atatentha thupi. Tinaima naye pamsewu ali m'manja mwa mayi ake pafupifupi ola lathunthu, tikudikira chotitengera kuchipatala. Mwana anachira, koma ine kuyambira usiku umenewo mtima unangoti galimoto basi.

Mitengo imasiyana malo ndi malo, ndiponso imasintha chaka ndi chaka, choncho sindilemba ziwerengero za ndalama. Tingoyerekeza kuti zonse zomwe ndinasunga zinali magawo 100. Mukatero muona bwino mmene zinathera.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunachitika ndisanaone galimoto ngakhale imodzi. Ndinkafufuza pa intaneti ndi m'magulu ogulitsirana zinthu a pa Facebook, ndipo maso anga ankangopita pa galimoto za magawo 95 mpaka 110. M'mutu mwanga ndinkati ndikanenerera, atsitsa. Sindinaganize n'komwe kuti galimoto ikafika pakhomo imayamba kufuna zake: kusintha umwini, inshuwalansi, sevisi, mafuta, ndi zina zomwe mwini wakale anazisiya dala kuti zikagwere wogula. Ndikanadziwa, ndikanafufuza za magawo 70 kapena 75, zotsalazo n'kuzisunga osazikhudza.

Alamu anga, omwe ayendetsapo galimoto zaka zambiri, anandiuza zinthu ziwiri zokha. Choyamba, osapita ndekha, nditenge makaniko wanga, osati wondipezera wogulitsa. Chachiwiri, ndikafike m'mawa injini isanalizidwe. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Makaniko yemwe anandipezera ankafuna ndalama yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 aja, ine n'kuona ngati kuwononga. Laisensi ndinali nayo kwa zaka ziwiri ngakhale ndinkayendetsa mwa apo ndi apo, komanso ndinali nditaonera mavidiyo ambirimbiri. Ndinkadziona ngati ndikudziwa.

Ndinaona galimoto zitatu ndisanafike pa yomwe inandiliza. Imodzi mwa izo ndimaikumbukirabe mpaka lero. Mwini wake anali mayi wachikulire, anandiitanira kunyumba kwake, natulutsa chikwatu cha malisiti a kugalaja oyambira chaka chomwe anaigula. Chitseko chakumbuyo chinali chophwanyika pang'ono, penti wa padenga atasuluka ndi dzuwa, ndipo inali itayenda makilomita 164,000. Anandiuza yekha kuti mashoko akutsogolo atopa. Mtengo wake unali magawo 72. Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinkati anzanga kuntchito akandiseka ndikafika ndi chimenechi.

Patapita masiku anayi ndinaona chithunzi cha ina. Yoyera mbee, mipando yooneka ngati sinakhalidwepo, zaka 14 koma makilomita 78,000 okha. Mtengo magawo 105. Ndinaimba foni nthawi yomweyo.

Wogulitsayo anali mnyamata waulemu kwambiri, wolankhula mokoma. Ndinapempha kuti ndibwere m'mawa, iye anati m'mawa amakhala wotanganidwa, tikumane cha m'ma 4:30 madzulo pamalo omwetsera mafuta. Nditamufunsa za kunyumba kwake, anati n'kutali ndipo sakufuna kundivutitsa. Ndinaona ngati ndi chifundo.

Nditafika ndinaipeza itatsukidwa, matayala atapakidwa zonyezimira, m'kati mukununkhira. Ndinatsamira boneti ndi dzanja poyang'ana magalasi, ndipo ndinamva kuti ndi yofunda. Mawu a alamu anabwera m'mutu, ine n'kuwayankha ndekha kuti nanga munthuyu akanafika nayo bwanji pano osailiza. Zinali zomveka ndithu, koma yankho loyenera linali lakuti ndibwerenso tsiku lina, ndikaipeze komwe imagona. Injini yozizira imaulula zambiri zomwe yotentha imabisa: kuvuta kulira, kunjenjemera, kugogoda, ndi utsi wa mphindi zoyambirira. Utsiwo umanena wokha vuto. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo, wakuda ndiye kuti mafuta akulowa ochuluka osapsa bwino, ndipo woyera wochindikala wosatha msanga ndiye kuti madzi akulowa momwe sayenera kulowa.

Tinaiyesa pamsewu mphindi zosakwana 10. Iye anakhala pambali panga, anatsegula wailesi kuti ndimve mmene masipika amalirira, ndipo amandilozera kokhota: apa kumanzere bwana, apa kumanjanso. Msewu wonse unali wosalala, wopanda chitunda. Sindinafike ngakhale pa liwiro la 60. Lero ndikamaganiza ndimaona kuti njira imene ija anaisankha kale. Galimoto imafunika kuiyendetsa theka la ola kapena kuposa, wailesi itazimitsidwa, mawindo nthawi zina otsegula, kukwera nayo chitunda, kudutsa pa mabampu, kuponda mabuleki mwamphamvu pamalo opanda anthu, kenako kuisiya ikulira itaima mpaka fani itazungulira, maso ali pa geji ya kutentha.

Pali zinthu zina zomwe ndinaziona ndi maso angawa koma n'kuzikhululukira. Labala wa pa pedulo ya buleki anali ataperepeseka mpaka chitsulo kuonekera pangodya. Chiwongolero chinali chosalala ngati chapukutidwa zaka zambiri, ndipo mpando wa dalaivala unali wolowa m'kati mbali yotulukira. Galimoto ya makilomita 78,000 sikhala choncho. Ndiponso masamu ake anali osavuta: 78,000 pa zaka 14 ndiye kuti pa chaka inkayenda makilomita osakwana 5,600. N'zotheka, koma wonena zimenezo ayenera kuonetsa malisiti a sevisi. Nditafunsa, anati anasochera posamuka.

Ndili m'kati moyang'ana, foni yake inalira. Anayankha ndikumva, akuti, "Ayi bwana, pali wina akuiona panopa, akapanda kutenga ndikuimbirani mawa m'mawa." Mtima wanga unagunda. Miyezi 26 yodikira inandikwera m'mutu nthawi imodzi. Ndinanenerera, anatsika kufika pa 92, ine n'kudziona ngati katswiri. Tsiku lotsatira ndinamupatsa ndalama yonse.

Tinalemberana kapepala ka pamanja, mizere isanu. Sindinalembepo nambala ya chasisi, sindinalembepo makilomita, panalibe mboni. Atandipatsa chikalata cha umwini ndinaona kuti dzina ndi la mzimayi. Anati ndi mchemwali wake, ali kutali pang'ono koma asayina sabata yomweyo. Ndalama inali italowa kale m'thumba mwake, ndiye ndikanatani?

Apa ndiime pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaopa injini n'kuiwala mapepala, chonsecho mapepala angakulanditse galimoto yonse. Dzina la pa chikalata lifanane ndi la pa chiphaso cha munthu amene mukumupatsa ndalama. Ngati ndi dobadoba, palibe cholakwika, koma mwini wake aoneke ndipo asayine inu mukuona. Nambala ya chasisi ya pa chikalata muiwerenge chilembo ndi chilembo, muifananize ndi yomwe inadindidwa pa galimotoyo. Pa galimoto zambiri imakhala ya zilembo ndi manambala 17 ndipo simupezamo I, O kapena Q, ngakhale zina zopangidwira msika wa ku Japan zimakhala ndi yaifupi. Mufunsenso ku ofesi yolembetsa galimoto ngati ilibe ngongole kapena sinaikidwe chikole kwinakwake. Ine ndinachita mwayi, inalibe ngongole ndipo sinali yakuba. Koma mchemwali uja sanali mchemwali. Anali mayi yemwe anaigulitsa kalekale kwa munthu wina, winayo n'kugulitsanso kwa mnyamata uja, onsewo osasintha dzina. Kumupeza kunanditengera masabata 7, ndipo anasayina chifukwa cha ubwino wake chabe.

Kusintha umwini ndi inshuwalansi zinadya magawo 9. Ndinali ndi 8. Sabata yoyamba yokhala ndi galimoto inali sabata yoyambanso yokhala ndi ngongole.

M'mawa woyamba ndinadzuka 5 koloko kukaiona ngati mwana wapatsidwa chidole. Nditapotokola kiyi inazengereza, kenako inalira ikunjenjemera ngati ikufuna kuzima, kumbuyo utsi woyera uli tolo. Patatha mphindi ziwiri kapena zitatu inakhazikika. Ndinadziuza kuti n'kuzizira kwa m'mawa. Tsiku lachitatu ndinaona kuti madzi m'kabotolo ka pambali pa rediyeta atsika, ndinathira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinathiranso. Pansi panalibe dontho lililonse. Munthu wodziwa akanafunsa kuti nanga madziwo akupita kuti, koma ine ndinangoika chigubu m'buti n'kumayenda nacho. Mkazi wanga atafunsa za chigubucho ndinati galimoto zonse zimatero. Alamu sindinawauze. Manyazi.

Tsiku la 19 tinanyamuka ulendo wautali woyamba, ine, mkazi wanga ndi mwana. Tinayenda bwino ola limodzi ndi theka, mpaka tinayamba kukwera chitunda chachitali. Ndinamva galimoto ikulemera, ndikaponda siikoka. Nditayang'ana geji, kamuvi kanali katadutsa pakati kakulowera kofiira. Apa ndi pomwe ndinapanga chinthu chomwe chinandidula kwambiri pa zonse. M'malo moima pomwepo n'kuzimitsa, ndinati ndilimbikire ndifike pamwamba pomwe pali malo abwino oimika. Anali makilomita atatu okha mwina. Tisanafike, nthunzi inayamba kutuluka m'mbali mwa boneti, m'kati munamveka fungo lotsekemera la madzi a rediyeta, kenako injini inangoti zii.

Ndinatsika thukuta lili kamukamu, ndinatsegula boneti, dzanja langa n'kulunjika pa chitsekerero cha rediyeta. Dalaivala wa lole yemwe anaima kumbuyo kwathu anakuwa ali patali, "Achimwene, musatsegule! Mupsa nkhope!" Ndinabweza dzanja. Anandifotokozera kuti madzi a mmenemo amakhala opanikizika, amatha kutentha kuposa madigiri 100 osawira, ndipo ukangotsegula amaphulika nthawi yomweyo. Bambo ameneyo dzina lake sindinalifunse, koma nkhope yangayi ndili nayo chifukwa cha iye.

Tinakhala m'mbali mwa msewu maola anayi kudikira galimoto yodzatikoka. Mwana analira mpaka kugona. Mkazi wanga sanandinene chilichonse, ndipo kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa kundikalipira. Kukoka kunadya magawo 2, obwereka kwa mnzanga kudzera pa foni.

Madzulo ake ndinawaimbira alamu. Anangoti, "Chabwino, mawa tipite kwa bambo aja." Bambo aja ndiye makaniko yemwe ndinakana kumulipira ndalama yosakwana gawo limodzi ija.

Zomwe ndinaona ku galaja m'mawa umenewo zinali ngati kalasi, kungoti sukulu yake yodula. Bambowo, munthu wa imvi wosalankhulalankhula, anayamba ndi kutsegula chitsekerero chothirira oyilo n'kuchitembenuza kuti ndione. Kunsi kwake kunali phala loyererako, lamtundu wa khofi wothira mkaka wambiri, lomata ngati mafuta odzola. Analitapa ndi chala nandionetsa. "Awa ndi madzi asakanikirana ndi oyilo, mwana wanga. Mukanatsegula apa pokha tsiku lija, bwenzi ndalama yanu muli nayo." Anandiuzanso kuti kaphala kochepa nthawi zina kamabwera ngati galimoto imangoyenda maulendo afupiafupi, koma kakaphatikizana ndi kutha kwa madzi ndi utsi woyera, nkhani yake ndi gasiketi ya hedi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake, chomwe chimatchinga madzi, oyilo ndi mpweya kuti zisasakanikirane. Anadzaza rediyeta, injini ili yozizira, naliza. Pakamwa pa rediyeta panayamba kutuluka thovu, buluku buluku, osaleka. Umenewo unali mpweya wa mu silinda, momwe mafuta amapsera, ukudutsa pomwe gasiketi yapsa.

Kenako anandiuza kuti ndikhale pampando, nditembenuze kiyi koma osaliza. Magetsi a pa dashibodi anayaka: la oyilo, la batire, la mabuleki. Anandifunsa kuti la chithunzi cha injini lili kuti. Panalibe. Ndinali ndisanadziwe kuti magetsi onse ochenjeza amayenera kuyaka kaye kiyi akatembenuzidwa, n'kuzima injini ikalira. Lomwe silikuyaka n'komwe ndiye kuti lapsa kapena wina walithimitsa dala. Atamasula dashibodi anapeza kuti pamalo pake anamatapo tepi yakuda. Analumikiza kamakina kake kowerengera zolakwika pa soketi ya OBD, yomwe imakhala pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, ndipo kanaonetsa P0302, kutanthauza kuti silinda yachiwiri siikuwotcha bwino. N'kumene madzi ankadontheramo usiku, n'chifukwa chake m'mawa inkanjenjemera.

Sizinathere pomwepo. Atamasula paipi anapeza kuti thermostat, kachipangizo kotsekera madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanatenthe, inachotsedwa, kuti madzi azingozungulira nthawi zonse ndipo kutentha kuzichedwa kuonekera. M'rediyeta munali zinyenyeswazi za mankhwala omatira podontha, omwe amagwira masiku ochepa, okwanira kugulitsira galimoto. Ndiye anapukuta fumbi pa chivundikiro cha timing belt, lamba woyendetsa ziwalo za m'kati mwa injini mogwirizana, nandiitana. Panali kapepala komata, kosuluka koma kowerengeka, konena kuti lambayo anasinthidwa zaka 6 zapitazo galimoto ili pa makilomita 103,000. Pa dashibodi panali 79,000 ndi kanthu. Ndinawerenga kawiri. Alamu anayang'ana kumbali.

Pomaliza anagwada pa matayala. M'mbali mwa tayala lililonse muli mzere woyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Awiri akumbuyo anali ndi zaka 11, mphira itang'ambikang'ambika m'mizere, kungoti zonyezimira zija zinabisa. Limodzi lakutsogolo linali litadyeka mbali yam'kati yokha. Ndi matayala amenewo ndinanyamula mwana wanga pa liwiro la 100.

Ndinamuimbira mnyamata uja ndili pomwepo. Anayankha mwaulemu womwe uja. "Pepani kwambiri bwana, koma galimoto munaiona nokha, munaiyendetsa nokha. Kwa ine inalibe vuto." Nditatchula za tepi ndi kapepala ka makilomita, anati netiweki ikuvuta. Kuyambira tsiku limenelo nambala yake sinapezekenso. Ndinafunsa munthu wodziwa malamulo, ndipo anandiuza kuti kubweza makilomita ndi chinyengo ndithu, koma kapepala kanga sikanatchule makilomita, chithunzi cha malonda chinali chitachotsedwa ndipo sindinachisunge, komanso sindinkadziwa komwe munthuyo amakhala. Mukamagula, jambulani malonda ake pa foni, sungani mauthenga onse, ndipo lipirani m'njira yosiya umboni.

Masabata awiri otsatira ndi omwe sindikonda kuwakumbukira. Galimoto ili ku galaja, ine ndabwerera kokwera basi, ndipo m'mawa uliwonse anzanga akufunsa kuti bwana lero mwaisiya kuti. Dobadoba wina atamva nkhani yanga anabwera ndi nzeru. Anati tisinthe oyilo, tithire mankhwala aja, titsuke bwinobwino, iye andipezera wogula pasanathe sabata ndipo nditaya magawo 10 okha. Ndikunena zoona, ndinaganizira masiku atatu. Usiku wachitatu ndinamuuza mkazi wanga. Anandiyang'ana nati, "Ndiye wogulayo akafere pa chitunda chiti ndi mwana wake?" Nkhani inathera pomwepo.

Ndinaganiza zokonza, koma ndinalakwitsanso. Bambo aja anandiwerengera mtengo wa ntchito yonse, magawo 19: gasiketi yabwino, mabawuti atsopano a hedi, kutumiza hedi kokaiyeza ngati ili ndi mng'alu ndi kukaipala pa makina, thermostat, kutsuka rediyeta, oyilo ndi fyuluta. Anandifotokozera kuti hedi ya aluminiyamu ikatenthedwa kwambiri imapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, ndipo makilomita atatu aja ndi omwe anaipinda. Ndalama imeneyo ndinalibe. Mnyamata wina wokonza galimoto pafupi ndi kuntchito anati achita ndi magawo 7, kupala hedi n'kungotaya ndalama. Ndinaisamutsa mwakachetechete, kulipiranso kukoka gawo limodzi. Anamanga gasiketi yotchipa pa hedi yopindika. Inayenda masabata asanu, kenako chigubu chija chinabwerera m'buti.

Kubwerera kwa bambo aja kachiwiri kunafuna kulimba mtima. Sananditonze. Anangofunsa kuti, "Tsopano tichite zanga kapena zanu?" Ndinati zanu, bambo. Ndinatenga ngongole kuntchito yodula pa malipiro miyezi 10. Hedi inapita kokapalidwa ndipo mwamwayi inalibe mng'alu, koma kudikira mzere kumeneko ndi kudikira zipangizo kunatenga masabata anayi. Popeza injini inali yomasula kale, anandilangiza kusinthiratu timing belt ndi pampu ya madzi, magawo 5. Ndinafuna kukana, koma anandiuza kuti lamba ameneyu amatha ndi zaka komanso makilomita, ndipo pa injini zambiri akaduka galimoto ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ntchito yonse n'kubwerera pachiyambi. Nthawi imeneyi ndinamvera.

Nditakhala pansi ndi kabuku kanga kaja, masamu anatuluka motere. Kugula 92. Umwini ndi inshuwalansi 9. Kukoka kawiri 3. Ntchito yotchipa yomwe inapita m'madzi 7. Ntchito yeniyeni 19. Lamba ndi pampu 5. Matayala anayi ndi kuwongola kaimidwe ka mawilo 8. Batire, lomwe linafa galimoto itakhala nthawi yaitali osalira, 3. Zonse pamodzi 146, pa munthu yemwe anali ndi 100. Pa miyezi 6 yoyamba, galimoto inakhala ku galaja masabata 11. Ya mayi wachikulire ija, kuphatikiza mapepala ndi mashoko ake, sikanapitirira 90, ndipo ndikanatsala ndi kenakake m'thumba.

Chinthu china chomwe sindinachiwerengere n'chakuti galimoto imadya ngakhale ili bwinobwino. Mafuta okha ankatenga ndalama yoposa yomwe ndinkalipira basi, ndipo sevisi imabwera pa nthawi yake kaya muli nazo kaya mulibe. Miyezi yobweza ngongole ija, masiku ena inkagona pakhomo ili yabwinobwino chifukwa thanki inali youma. Panopa ndimapatula kandalama mwezi uliwonse ka galimoto yokha, ndipo m'kabuku muja muli tsamba lake.

Galimotoyo ndikadali nayo, chaka chachitatu tsopano. Chikonzereni bwino sinatenthenso, ngakhale maso anga sachoka pa geji ndikamakwera chitunda, ndipo mkazi wanga amadziwa kuti pamenepo sitilankhulana. Makilomita ake enieni sindiwadziwa. Ndikadzaigulitsa ndidzamuonetsa wogulayo kapepala ka pa chivundikiro kaja, ndi malisiti onse omwe ndikusunga m'envulopu.

Miyezi ingapo yapitayo mnzanga wa kuntchito, mtsikana yemwe wangoyamba kumene kulandira malipiro, anandipempha kuti ndimuperekeze kukaona galimoto yomwe anaikonda pa chithunzi. Ndinamuuza kuti ndipita ngati titenga bambo aja ndipo ndalama yawo alipira iyeyo. Anadandaula, koma analipira. Wogulitsa anavomera 6:30 m'mawa kunyumba kwake. Tinafika 6:10. Tinamupeza ali m'kati mwa mpanda, galimoto ikulira kale, iye akupukuta magalasi. Anati amangoitenthetsa kuti tisavutike. Bambo aja anamupempha mwaulemu kuti azimitse, tibwerenso mawa, kiyi asamukhudze. Mwamunayo anati mawa ali ndi ulendo, komanso pali wina akubwera masana ndi ndalama m'manja.

Mnzangayo anandikoka malaya, akunong'oneza kuti, "Achimwene, itipita imeneyi." Ndinamuuza kuti ipite. M'njira yonse yobwerera sanandilankhule. Patatha masabata atatu anagula ina ya magawo 70 a ndalama yake, yomwe bambo aja anaigwadira pansi ola lathunthu, nadutsa ndi maginito m'zitseko kufufuza pomwe anamata ngozi, napeza zolakwika zinayi zazing'ono zomwe anatsitsira nazo mtengo. Ndi yobiriwira, mtundu womwe iye amadana nawo, ndipo mpaka lero akandiona pamalo oimika galimoto amandilozera n'kunena kuti taonani chomwe munandichititsa kugula.